Kukaphunzira Kunja kwa Miyezi Yowerengeka: Konzekerani Mukuyang'ana Tsiku Lobwerera

Chaka ndi chaka, ophunzira ena a m'sukulu zathu zaukachenjede amasankhidwa kukaphunzira kunja kwa semesita imodzi kapena ziwiri, kenako n'kubwerera kudzatsiriza digiri yawo kuno kwathu. Uthenga wotere ukafika pakhomo pamakhala nthungululu, ndipo mpake. Koma chimwemwe chikazizira pamatsala ntchito, ndipo ambiri amayamba ndi kugula sutikesi ndi jekete, zomwe zimayenera kukhala zomalizira.

Phunziro lino ndi lanu inu wophunzira amene mwasankhidwa kapena mukufuna kufunsira mwayiwu, komanso inu makolo ndi achibale amene mudzamuperekeze ku bwalo la ndege. Mfundo yake ndi imodzi: digiri yanu ili kuno, sili kunjako. Choncho chilichonse chomwe mukukonza muchiyeze ndi funso ili: kodi ndikadzabwerera, maphunziro anga, thupi langa ndi thumba la banja lathu zidzakhala bwanji? Kuti nkhani ikhale ndi pogwira, titenga chitsanzo cha ulendo wa ku Germany kudzera mu ndondomeko ya Erasmus+, ndipo tizitchula maiko ena pomwe malamulo akusiyana.

Kusinthana ophunzira n'kutani?

Sukulu ziwiri zaukachenjede za m'maiko osiyana zimasainirana mgwirizano woti zizilandirana ophunzira kwa nthawi yochepa. Wophunzira wa ku Zomba, Bunda, Mzuzu, Thyolo, Nguludi kapena Blantyre amakhalabe m'kaundula wa sukulu yake. Kunjako amangokhala mlendo, ndipo zomwe wakhoza kumeneko zimawerengeredwa pa digiri yake ya kuno.

Ndondomeko ya Erasmus inayamba ku Ulaya m'chaka cha 1987. Mu 2014 inakulitsidwa n'kutchedwa Erasmus+, ndipo kuyambira 2015 inatsegukira ophunzira a m'maiko a kunja kwa Ulaya, kuphatikizapo a mu Africa. Ulendo wake umatenga miyezi 2 mpaka 12. Wophunzira salipira fizi ku sukulu yomwe yamulandira, ndipo amapatsidwa ndalama yoyendera ndi ina yodyera mwezi ndi mwezi. Koma khomo lake ndi limodzi: sukulu yanu iyenera kukhala pa mgwirizano ndi sukulu ya ku Ulaya, ndipo imene imasankha opita ndi sukulu yanu yomweyo. Ndiye poyambira ndi ku ofesi ya sukulu yanu yoona za maubale ndi sukulu zakunja, kapena kwa mkulu wa dipatimenti yanu.

Pepala loposa tikiti ya ndege

Musanapite pamayenera kusainidwa chikalata chotchedwa Learning Agreement. Mmenemo mumalembedwa maphunziro omwe mukatenge kunja ndi maphunziro a kuno omwe akulowedwa m'malo. Osaina ndi atatu: inuyo, sukulu yanu, ndi sukulu yokulandirani. Pakasowa siginecha imodzi, mukhoza kukhoza mayeso onse kunjako koma pobwera n'kuuzidwa kuti mubwereze semesita yonse.

Ku Ulaya ntchito ya wophunzira amaiwerengera ndi mapointi a ECTS. Chaka chathunthu ndi mapointi 60, semesita imodzi ndi 30, ndipo pointi imodzi ikuimira maola 25 mpaka 30 a ntchito, kuphatikiza ya m'kalasi ndi yowerenga panokha. Khalani pansi ndi mkulu wa dipatimenti, muyerekeze phunziro ndi phunziro, ndipo zomwe mwagwirizana zilembedwe. Lonjezo la pakamwa limachoka ndi mwini wake akasamutsidwa kapena akapuma pa ntchito.

Onetsetsaninso zinthu zitatu. Choyamba, chilankhulo: si phunziro lililonse ku Germany lomwe limaphunzitsidwa m'Chingerezi, makamaka pa digiri yoyamba. Chachiwiri, kalendala: semesita ya nyengo yozizira imayamba mu Okutobala ndi kutha mu Malichi, ina imayamba mu Epulo. Ngati masiku amenewa akuwombana ndi mayeso anu a kuno, sukulu ikuuzeni molemba momwe idzachitire. Chachitatu, ngati mumalandira ngongole ya boma yophunzirira kapena thandizo la bungwe lina, funsani chomwe chidzachitike pa miyezi yomwe mudzakhale mulibe, komanso ngati fizi ya kuno muzilipirabe.

Mukafika n'kupeza kuti phunziro lina lachotsedwa kapena likuwombana ndi linzake, malamulo a Erasmus+ amalola kusintha mgwirizanowo m'masabata 5 oyamba a semesita, koma onse atatu aja ayenera kuvomerezanso. Dziwaninso kuti m'sukulu zambiri za ku Germany kulowa m'kalasi sikutanthauza kuti mwalembetsa mayeso. Mayeso amalembetsa paokha, pa nthawi yake. Magiredi awonso amawerenga chobwerera: 1.0 ndiye pamwamba, 4.0 ndi kukhoza kwa pamalire, 5.0 ndi kulephera.

Pasipoti ndi viza

Ngati mulibe pasipoti, funsirani lero, musadikire kalata yokusankhani. Kumayambiriro kwa chaka cha 2024 ntchito yosindikiza mapasipoti inaima kwa masabata angapo m'dziko muno, ndipo amene anali ndi maulendo apafupi anagwira njakata. Ngati muli nayo kale, onani tsiku lomwe ithere mphamvu, lipitirire bwino tsiku lanu lobwerera, komanso ikhale ndi masamba osadindidwa.

Maiko a m'chigawo cha Schengen, momwe muli Germany, ali ndi viza za mitundu iwiri. Yaifupi imalola masiku 90 okha pa masiku 180 aliwonse. Semesita imapitirira pamenepo, choncho mufunika viza yaitali ya dzikolo, yomwe imatenga masabata ambiri kuti ituluke. Musayese kulowa ndi viza yaifupi poganiza kuti mukaisintha mukafika. Mndandanda wa zofunika muutenge pa tsamba la pa intaneti la ofesi ya kazembe wa dzikolo, chifukwa malamulowa amasinthasintha, ndipo zomwe mnzanu anachita chaka chatha mwina lero sizikugwiranso ntchito.

Makalata onse ofunika muwajambule: pasipoti, viza, kalata yokulandirani, kalata ya thandizo la ndalama, ya inshulansi. Zina musiye kunyumba kwa munthu wodalirika, zina musunge mu imelo yanu, ndipo enieniwo akhale m'chikwama chomwe mukwere nacho m'ndege.

Ndalama: werengani musananyamuke

Ophunzira ochokera kunja kwa Ulaya amalandira kuchokera ku Erasmus+ mayuro apakati pa 800 ndi 900 pa mwezi, malinga ndi dziko lomwe apita. Mukaisintha m'makwacha imaoneka ngati chuma chambiri, ndipo apa ndi pomwe mabanja ambiri amasokonekera. Boma la Germany lenilenilo, kuyambira mu Seputembala 2024, limawerengera kuti wophunzira amafunika mayuro 992 pa mwezi kuti akhale moyo wamba. Mukuona kuti thandizolo silifika n'komwe pa mlingo umenewu, ndipo pofunsira viza mukhoza kuuzidwa kuti muonetse komwe yotsalayo idzachokere.

Mwezi woyamba ndiwo umaluma. Chipinda chimafuna ndalama ya chikole kuwonjezera pa lendi, ndipo lamulo la kumeneko limalola mwini nyumba kupempha chikole chofika lendi ya miyezi 3. Sukulu zambiri zimalipiritsa kandalama ka semesita kothandizira ntchito zosamalira ophunzira, ngakhale fizi palibe. Pali inshulansi ya zaumoyo, yomwe imapitirira mayuro 100 pa mwezi. Pali msonkho wa wailesi ndi kanema wa mayuro 18.36 pa mwezi pa nyumba iliyonse. Pamene zonsezi zikufunika, ndalama yoyamba ya thandizo mwina imakhala isanalowe, chifukwa kawirikawiri imadikira kuti mufike, musaine mapepala ndi kutsegula akaunti ku banki. Funsani molemba kuti ndalama yoyamba idzafika liti, ndiponso ngati tikiti akugulirani kapena mugula nokha iwo n'kudzabweza.

Kumbukiraninso momwe ndalama yathu ikuyendera. Mu Meyi 2022 kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti, ndipo mu Novembala 2023 ndi 44 peresenti. Ndalama zakunja zimavuta kupeza m'mabanki. Pitani ku banki msanga ndi makalata anu onse, ndipo musadalire kuti kunyumba azikutumizirani pakavuta.

Viza ya wophunzira ku Germany imalola ganyu wa masiku 140 athunthu kapena matheka 280 pa chaka. Komabe kwa munthu wa semesita imodzi, wosadziwa Chijeremani, ganyu sapezeka msanga, ndipo akapezeka amadya nthawi yowerenga. Musaike mu bajeti ndalama yomwe simunaigwire. Fodya wako ndi amene ali pamphuno.

Kwa inu makolo, pempho ndi ili: mwana wanu sakupita ku ntchito. Mukamuyembekezera kuti azitumiza ya feteleza, ya fizi ya azing'ono ake ndi ya malata, adzayamba kudumphitsa chakudya kapena kujomba m'kalasi kuti asakukhumudwitseni. Kambiranani nkhaniyi poyera asananyamuke. Ndipo musagulitse munda kapena kutenga katapila chifukwa cha ulendo wa miyezi 5.

Thupi lanu musanakwere ndege

Pitani ku chipatala patatsala miyezi iwiri kapena itatu. Mukapimitse mano ndi maso kuno, chifukwa magalasi ndi ntchito zina za mano kunjako zimadula ndipo inshulansi silipira zonse. Funafunani buku lanu la kuchipatala ndi khadi la katemera wa paubwana. Ngati munasambapo m'nyanja kapena m'madambo, pimitsani likodzo, chifukwa limatha kukhala m'thupi mwakachetechete.

Malamulo a zaumoyo amasiyana dziko ndi dziko. Wopita ku Britain kwa miyezi yoposa 6 kuchokera ku Malawi ayenera kupimidwa chifuwa chachikulu cha TB ku chipatala chovomerezedwa ndi boma la Britain, ndipo chikalata chake chimagwira ntchito miyezi 6. Wopita ku South Africa pa viza ya maphunziro ayenera kukhala ndi inshulansi ya zaumoyo yolembetsedwa m'dzikomo. Dziko lomwelo limafuna khadi la katemera wa yellow fever kwa amene wachokera, kapena wakhalitsa pa bwalo la ndege maola oposa 12, m'dziko lomwe muli matendawa. Malawi sali m'gulu limenelo, koma Ethiopia ndi Kenya, momwe ndege zathu zambiri zimadzera, alimo. Katemerayu amayamba kugwira ntchito pakatha masiku 10, ndipo kuyambira 2016 kubayitsa kamodzi kumakwanira moyo wonse.

Ngati mumamwa mankhwala tsiku ndi tsiku, kaya ndi ma ARV, a shuga, a kuthamanga kwa magazi, a mphumu, a khunyu kapena a matenda a maganizo, uzani dokotala wanu za ulendowu msanga. Zipatala zathu zimatha kupereka ma ARV a miyezi 6 kwa amene akupeza bwino pa mankhwala. Pemphani kalata ya m'Chingerezi yotchula matenda, dzina lenileni la mankhwala ndi mlingo wake. Mankhwalawo akhale m'mabotolo awo, m'chikwama cha m'manja, chifukwa sutikesi imatha kusochera pa Addis Ababa kapena Nairobi inu n'kufika nokha. Musasiye mankhwala chifukwa choopa kuti anzanu a m'chipinda adziwa. Madokotala a kumeneko amasunga chinsinsi, ndipo kudukiza mankhwala ndiko kumapatsa matenda mpata.

Malungo akhoza kukwera nanu ndege

Nayi mfundo yomwe ingapulumutse moyo. Udzudzu ukakulumani sabata yomaliza muli kuno, zizindikiro za malungo zimayamba patapita masiku 10 mpaka 15, nthawi zina mochedwerapo. Ndiye kuti mudzadwala muli kale ku Ulaya, mwina m'nyengo ya chimfine, ndipo dokotala amene saona malungo kawirikawiri akhoza kuganiza kuti ndi chimfine chabe. Malungo omwe ali ofala kuno ndi a mtundu woopsa, wotha kupha m'masiku ochepa.

Choncho mukamva kutentha thupi, kuzizidwa, mutu kapena kuphwanya m'thupi m'miyezi yoyamba, pitani kwa dokotala tsiku lomwelo, ndipo mawu anu oyamba akhale akuti mwachokera ku Malawi, dziko la malungo, ndipo mukupempha kupimidwa magazi. Musagone m'chipinda n'kumamwa panado. Nambala ya ngozi m'maiko onse a European Union ndi 112, ndipo ku Germany mukafuna dokotala usiku kapena Lamulungu pa vuto losafika pa ngozi mumaimba 116 117. Masabata omaliza musananyamuke, gonani m'neti usiku uliwonse ngakhale mukuyendayenda kutsanzika abale.

Masabata awiri oyamba

Lamulo la ku Germany limati munthu akalowa m'nyumba alembetse ku ofesi ya mzinda pasanathe masiku 14, atatenga kalata ya mwini nyumba. Chikalata chomwe mumalandira pamenepo chimafunidwanso m'maofesi ena ndi m'mabanki ambiri. Malo ogona funsirani mukangolandira kalata yokuvomerani, chifukwa zipinda za ophunzira zimatha msanga. Musatumize ndalama kwa munthu wa pa intaneti amene akuti ali ndi chipinda koma sangakuonetseni. Dzerani ku ofesi ya sukulu.

Tizinthu tina tating'ono timapweteka mlendo. Magalimoto amayenda kumanja, choncho podutsa msewu yambani kuyang'ana kumanzere. Mapulagi a magetsi ndi a mano awiri obulungira, osati atatu ngati athu. Masitolo ambiri satsegula Lamulungu. Wokwera basi kapena sitima wopanda tikiti yoyenera amalipitsidwa mayuro 60. Nyama ndi zamkaka zochokera kunja siziloledwa kulowa mu European Union, choncho nyama yofutsa ya agogo idyereni konkuno. Ndipo musanyamulire munthu aliyense phukusi lomwe simunalitsegule nokha, ngakhale atakhala mbale.

M'kalasi, kukopera mawu a munthu wina popanda kutchula mwini wake ndi mlandu waukulu wotha kukulepheretsani phunziro lonse. Pomwe simunamve, funsani. Safunsa anadya phula.

Mdima, kuzizira ndi kusungulumwa

Mu Disembala ku Berlin dzuwa limatuluka itadutsa 8 koloko m'mawa ndi kulowa isanakwane 4 koloko masana. Kwa munthu wokulira kuno, mdima umenewu umalemera kuposa chisanu. Onjezerani chakudya chachilendo, anthu osapatsana moni panjira, ndi Khirisimasi ya kutali ndi kwanu. Ambiri amasangalala masabata oyamba, kenako mtima umagwa. Zimenezi si kufooka ndipo si kusayamika.

Dzitetezeni ndi zinthu wamba. Tulukani panja masana tsiku lililonse ngakhale kukuzizira. Valani zovala zingapo zosanjikiza, ndipo jekete lenileni la chisanu mukagule komweko m'masitolo a kaunjika. Phikani chakudya chenicheni. Lowani gulu la masewero, kwaya kapena mpingo wanu. Pangani tsiku loimbirana ndi kunyumba. Mwayi wake, nthawi ya ku Germany imafanana ndi yathu m'chilimwe chawo, ndipo m'nyengo yozizira amatsalira ndi ola limodzi lokha. Koma musathere usiku wonse pa WhatsApp, thupi lili ku Ulaya mtima uli ku Ndirande.

Mukaona kuti padutsa masabata awiri simukugona, simukufuna kudya, simukutuluka m'chipinda, mwayamba kudalira mowa, kapena mukuganiza zodzipweteka, kaonaneni ndi alangizi. Sukulu zambiri zili nawo, ndipo thandizo lawo ndi laulere komanso lachinsinsi. Kusungulumwa kumakankhiranso anthu m'zibwenzi zothamangira. HIV ndi matenda ena opatsirana pogonana aliko ku Ulaya ngati kuno. Ndipo wina akakuchitani chipongwe chifukwa cha khungu lanu kapena kukukakamizani zachiwerewere, ngakhale atakhala mphunzitsi, kaneneni ku ofesi ya ophunzira akunja kapena kupolisi.

Chenjerani ndi akamberembere

Pa Facebook ndi WhatsApp pamayenda mauthenga ambiri olonjeza maphunziro aulere kunja. Chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere. Mwayi weniweni wosinthana ophunzira umadzera ku sukulu yanu, ndipo sukulu yokulandirani imakulemberani pa imelo ya sukuluyo. Kanani munthu wofuna kuti mumutumizire ndalama pa foni kuti akusungireni malo, wokuuzani kuti musauze aliyense, wosakaniza maphunziro ndi ntchito yosatchulidwa bwino, kapena wofuna kukusungirani pasipoti. Umu ndi momwe ozembetsa anthu amakolera achinyamata. Dziko lathu lili ndi lamulo lothana ndi mchitidwewu la chaka cha 2015, ndipo mukakayikira kaneneni kupolisi.

Tsiku lobwerera

Viza ili ndi tsiku lothera, ndipo mgwirizano womwe munasaina umati mubwerere. Ena adzakunyengererani kuti mungotsalira. Wotsalira amataya digiri yomwe anatsala pang'ono kumaliza, amakhala mobisala wopanda inshulansi, amatsekeredwa khomo la viza zam'tsogolo, ndipo amaipitsira mbiri ophunzira a sukulu yake omwe akubwera pambuyo. Amene wabwerera ndi magiredi abwino ndi kalata ya mphunzitsi womuchitira umboni amakhala ndi poyambira pabwino akadzafuna thandizo la digiri yachiwiri.

Musananyamuke kumeneko, lembetsani ku ofesi ya mzinda kuti mukuchoka, thetsani inshulansi ndi mgwirizano wa foni, perekani makiyi ndi kulondola chikole chanu. Sukulu yokulandirani imayenera kutumiza chikalata cha magiredi anu pasanathe masabata 5 zotsatira zitatuluka. Chikafika, chiperekeni ku dipatimenti pamodzi ndi Learning Agreement ija, ndipo musapume mpaka magirediwo ataoneka m'kaundula wanu.

Thupi nalonso likumbukireni. Chitetezo chomwe munthu wokulira kuno amakhala nacho ku malungo chimachepa akakhala nthawi kutali ndi udzudzu. Mukafika, neti ikhale yomangidwa kale, ndipo thupi likatentha kapimitseni msanga. Kenako khalani pansi ndi anzanu a chaka chotsatira, muwafotokozere za mafomu, za lendi ndi za mdima uja, kuti iwo asakayambire pomwe inu munayambira.

Mafunso okambirana m'banja kapena m'gulu la achinyamata

1. Kodi maphunziro omwe mukatenge kunja alowa m'malo mwa maphunziro ati a kuno, ndipo ndani wasainira zimenezi?

2. Ngati ndalama ya thandizo itachedwa ndi mwezi umodzi, mudzalipira bwanji chikole, lendi ndi chakudya?

3. Kodi banja likuyembekezera chiyani kwa wopitayo pa nkhani ya ndalama? Mwakambirana poyera?

4. Mutadwala malungo sabata yachiwiri mutafika, mudzaimbira ndani, ndipo mudzamuuza chiyani dokotala?

5. Ndi zizindikiro ziti zomwe zingakudziwitseni kuti mwayi womwe mwauona pa foni ndi msampha?